Magazi Achiwiri

Linali Lachisanu, 9 koloko m'mawa, pamene kapu ya tiyi inandipulumuka m'manja. Ndinali nditakhala pa matiresi m'chipinda chathu ku Etwatwa, kuno ku Joni, amayi a kumpingo atandizungulira akuimba. Amuna anga anali atamwalira sabata yapitayo, ndipo masana a tsiku limenelo galimoto inali yoti inyamuke ndi thupi lawo kupita kumudzi ku Ntcheu. Malo anga anali pampando wakumbuyo kwa dalaivala. Chikwama changa chinali kale pakhomo.

Kapuyo sinasweke, tiyi anangotayikira pachitenje. Mayi wina anaitola n'kundithirira wina. Onse anati ndi chisoni, ndipo inenso ndinati ndi chisoni.

Chibwano chinali chitayamba kundiwawa dzulo lake, koma ndinati ndi kulira. Msana unkaphwanya pakati pa mapewa, ndinati ndi kukhala pansi masiku ambiri. Mseru ndinati ndi kusadya. Za mtima sindinaziganizire n'komwe, chifukwa matenda a mtima ndinali nditangowaona ndi maso anga, ndipo sanali otero.

Amuna anga anali mlonda pa fakitale ina ku Springs. Tsiku limene anadwala anafika pakhomo atagwira chifuwa ndi manja onse awiri, akuti ngati wina wawasanjika thumba la simenti. Malaya onse anali atanyowa ndi thukuta. Kuchipatala sanachedwe nawo. Anawatenga magazi, kenako adokotala anaitana ine ndi alamu anga, akulu awo a malemuwo, amene amamanga nyumba ku Daveyton. Anatiuza kuti mtima ukavulala umataya kanthu kena m'magazi, dzina lake tiroponini, ndipo mwa amuna anga kanali kochuluka zedi. Alamu anafunsa nambala yake, anauzidwa, ndipo anaisunga m'mutu. Madokotala anayesetsa, koma mtima unali utawonongeka kwambiri. Pamaliro, aliyense wobwera kudzapepesa alamu ankamuuza nambala ija, ngati munthu wonena zigoli za mpira. Sindikuwanena. Aliyense amalira m'njira yake.

Kwathu namfedwa sachoka pasiwa. Ngakhale kuno ku Joni, kumene nyumba yathu ndi chipinda chimodzi cha malata kuseri kwa nyumba ya eni ake, mwambowu timausunga. Abambo amakhala panja pa mabenchi ndi pa makireti, amayi m'kati. Akazi a alamu anandiuza kuti ndisasambe thupi lonse mpaka titaika maliro, ndizingosukusula kumaso. Ndinamvera. Ndinkafuna kuchita chilichonse mwa dongosolo lake, pakuti ine ndi amuna anga sitinakhale ndi mwana, ndipo kumudzi ankanena kale kuti ndine amene ndinawatsekereza ku Joni. Chimene chinanditsalira pamaso pa apongozi anga chinali chimodzi: kukafika ndi mwana wawo, ndi kuika nkhata yoyamba pamanda ake monga amachitira mkazi wa munthu.

Amene anaona kuti sindili bwino ndi mnzanga wa chipinda choyandikana nafe, mayi wa ku Chipata amene amagulitsa tomato ndi kabichi pa renki ya matekisi. Ndi munthu wa mawu aakulu, sadziwa kunong'ona. Anandiyang'ana pamene anzake ankaimba, n'kusendera pafupi.

"Amayi, milomo yanu yatuwa ngati mwadya phulusa."

"Ndi njala," ndinatero.

"Njala imatulutsa thukuta kukuzizira chonchi? Imirirani."

"Sindingatuluke. Anthu aona bwanji?"

"Aona ndi maso. Imirirani, ndatero."

Akazi a alamu anayesa kuletsa, akuti namfedwa amatero ndithu, akalira zimatha. Mnzangayo anangondidzutsa. Anandikoka mkono, kundifunditsa bulangete, n'kunditulutsa. Nyimbo inaima. Kuchokera pakhomo kukafika pageti si patali, koma ndinadutsa pakati pa abambo onse atakhala chete, zipewa zili m'manja. Ndinayang'ana pansi njira yonse. Alamu anatipeza pageti.

"Mlamu, ulendo wa kuti?"

"Kuchipatala," anayankha mnzangayo. "Tibwera."

"Galimoto ikubwera masana. Thupi latuluka kale kumochale, silingabwererenso."

"Ndangopita kukatenga mankhwala, alamu," ndinatero ine. "Sindichedwa."

Ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Kuchipatala kunali mzere wautali, koma mnzangayo anapita kwa anesi n'kulankhula Chizulu chosakaniza ndi Chingerezi, akuloza chibwano changa ndi msana. Sanatidikiritse. Anandilowetsa kuseri kwa katani n'kundiuza kuti ndivule bulauzi, andiike timawaya ta makina oyezera mtima. Apa ndi pamene ndinakumbukira kuti sindinasambe masiku onse aja. Ndinadzimva ndekha fungo. Nesiyo anali mtsikana woti akanakhala mwana wanga, wa zikhadabo zoyera, ndipo anachita kuwerama pa ine kuti amate timawayato pansi pa bere. Ndinatembenukira kukhoma. Ndinati, "Pepani, ndili pamaliro." Sindikudziwa ngati anamva Chichewa changa. Anangoti, "Askies, mama," mofatsa, ndiko kupepesa kwa kuno, n'kupitiriza ntchito yake. Akanandikalipira mwina zikanandipepukira.

Makinawo anatulutsa pepala la mizere yokhotakhota. Adokotala, amayi aatali ovala magalasi, analiyang'ana nthawi ndithu n'kunena kuti silikuonetsa bwino, palibe chimene angagamule nalo. Anati atenge magazi. Nditamva dzina lija, tiroponini, ndinatembenukira kwa mnzangayo. Ndinati awauze kuti amenewo ndi matenda a amuna anga, ine chifuwa sichikundiwawa. Chingerezi changa ndi cha m'khitchini mwa abwana, chokwanira kufunsa sopo ndi kumva za kuchapa, choncho iye ndi amene ankamasulira. Adokotala anayankha kuti amayi ambiri mtima ukamavulala samva thumba la simenti ayi. Amamva chibwano, msana, mseru, befu, kapena kutopa kosadziwika bwino.

Tinadikira pabenchi. Dzuwa litafika pamutu alamu anatulukira, atavala jekete lawo lakuda la paulendo. Anali atabwera kudzanditenga. Nthawi yomweyo adokotala anatiitana, ndipo alamu analowa nafe.

Adokotala anati kanthu kaja kapezeka m'magazi anga. Alamu anafunsa nambala. Atauzidwa anakweza nsidze, n'kufunsanso kuti mwina sanamve bwino. Kenako anapumira m'mwamba, nkhope n'kumasuka.

"Basi? Mlamu, thokozani Mulungu. Ya mng'ono wanga inali kutalitali, iyi sikufikako ngakhale pang'ono. Apa palibe kanthu. Valani nsapato."

Anawauzanso adokotala zomwezo m'Chingerezi, n'kutchula nambala ya malemu. Adokotala anamvetsera mpaka alamu anamaliza. Kenako anajambula mizere iwiri kuseri kwa dzanja lawo ndi cholembera, wina m'mwamba, wina m'munsi. Anati pa makina awo mzere wa abambo ndi wam'mwambawo, wa amayi ndi wam'munsiwo, chifukwa mtima wa mkazi nthawi zambiri ndi wocheperapo ndipo kanthuko kamakhala kochepa m'magazi ake. Anaika kadontho pakati pa mizere iwiriyo. Anati ndine ameneyo. Ndikanakhala mwamuna, nambalayo ikanakhala isanafike pamzere. Koma ndine mkazi, ndipo ndaudutsa.

"Ndiye kuti magazinso ali ndi achimuna ndi achikazi?" anatero alamu.

"Nanga nsapato zanu ndi za akazi anu n'zofanana?" anayankha mnzangayo.

"Inu mayi, sindikulankhula ndi inu."

"Ine ndikulankhula ndi inu."

Adokotala anapitiriza. Anati kanthuko sikatuluka konse nthawi imodzi, kamakwera pang'onopang'ono mtima ukavulala, ndiye magazi oyamba okha sanena zonse, kaya mwa mwamuna kaya mwa mkazi. Ndiyenera kudikira maola atatu, atengenso ena. Akapeza kuti nambala yaima pomwepo, ndi nkhani ina. Akapeza kuti yakwera, ndiye kuti mtima ukuvulala panopa.

Ndinawauza za galimoto. Anavula magalasi n'kundiyang'ana. Anati sangandimange pabedi, ndine munthu wamkulu. Koma anafunsa kuti ulendowo ndi wautali bwanji. Alamu anati kudutsa Zimbabwe, kudutsa Mozambique, kukalowa kwathu. Adokotala anafunsa kuti mtima ukakaima pakati pa tchire adzatani nane. 

Titatuluka, alamu anakhala pambali panga pabenchi. Sanakalipe. Analankhula motsitsa, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

"Mlamu, ine sindikukakamizani. Koma amayi akakandifunsa ndikanene chiyani? Ndikati mkazi wake watsala chifukwa cha kanambala? Mwakhala naye zaka zonsezi, lero apite yekha ngati munthu wosakwatira?"

 Ndinachita manyazi ndi kuchepa kwa nambala yanga. Amuna anga anadwala moonekera, aliyense anaona, ndipo anafa nazo. Ine ndinali ndi kadontho pakati pa mizere iwiri, ndi chibwano chowawa, zinthu zoti sungakazifotokoze pamaso pa apongozi. Pa moyo wanga ndapempha zambiri kwa Mulungu, koma tsiku limenelo ndinapempha kuti ndikanadwala kwambiri, kuti anthu andikhulupirire.

Ndinavala nsapato. Ndinaimirira n'kuyamba kutsata alamu m'khonde lopita kunja. Ndisanafike pachitseko mpweya unandithera, ngati ndakwera phiri nditasenza mtolo. Panali benchi ina pafupi, ndinakhalapo kuti ndipume pang'ono. Anthu ena akamva nkhaniyi amati ndinalimba mtima posankha kutsala. Sindinasankhe kanthu. Ndinangokhala pansi, ndipo miyendo inakana kudzukanso. Mnzangayo anagwada, kundivula nsapato zija, n'kuziponya m'thumba lake la pulasitiki momwe munali ndalama za tomato ndi mpango.

"Tiyeni tione ngati mukafike ku Ntcheu ndi mapazi," anatero.

Alamu anaimbira dalaivala foni kumupempha kuti adikire magazi achiwiriwo. Ndinkamva mawu a dalaivalayo akutuluka m'foni. Anati wakoka bokosi m'kangolo kumbuyo, dzuwa likuliwomba, ndipo ayenera kukafika pa boda nthawi yabwino. Akhoza kudikira pang'ono, koma osati mpaka madzulo. Sindimuimba mlandu, ankanena zoona. Alamu anaika foni m'thumba. Kenako anati, "Chabwino, mlamu. Tikaika." Anandigwira dzanja n'kutuluka.

Chikwama changa anali atachikweza kale m'galimoto. Chinapita. Munali diresi yanga yakuda, nsalu ziwiri zimene ndinagulira apongozi, ndi chipewa cha amuna anga chimene ndinkafuna kukapatsa amalume awo.

Maola atatu aja ndinawathera pa bedi la matayala, ndikuyang'ana denga. Mnzangayo anasiya tomato wake kwa wina pa renki n'kukhala nane. Ankayesa kundiseketsa ndi nkhani za makasitomala ake, koma ine mutu unali pamsewu. Ndinkaona galimoto ikutuluka mu Etwatwa, amayi akuimba pageti, mpando wakumbuyo kwa dalaivala uli wopanda munthu. Ndinkadziwanso zimene zinkanenedwa m'chipinda chathu nthawi imeneyo, chifukwa inenso ndinakhalapo m'zipinda zotero.

Anabwera kudzatenga magazi achiwiri pa mkono womwewo. Zotsatira zitabwera, adokotala sanatumize nesi, anabwera okha akuyenda mofulumira. Nambala inali itakwera kwambiri. Anati mtsempha wina wodyetsa mtima wanga watsekeka, ndipo ndigonekedwa. Anayamba kundipatsa mapiritsi ndi jakisoni pamimba.

Mnzangayo anaimbira alamu pomwepo, n'kuwauza nambalayo mokuwa mpaka nesi anamuuza kuti atsitse mawu. Galimoto inali itadutsa kale Pretoria. Alamu anangoti, "Oo. Achire." Ine mtima unakhala pansi nditamva kuti nambala yakwera. Ndinasangalala ndithu, kwa kamphindi. Kenako ndinachita manyazi ndi kusangalalako, munthu amuna ake ali m'kangolo pamsewu.

Anaika maliro Lolemba. Ndinali mu wodi ya amayi, nditavala chovala cha chipatala chotseguka kumsana. Akazi a alamu anandiimbira pa vidiyo kuti ndione mwambo, ndipo mnzangayo anandigwirira foni. Netiweki inkadukaduka. Ndinaona mitengo ya kumanda, adzukulu ali ndi makasu, ndi mutu wa apongozi anga utafundidwa nsalu. Atamaliza kukwirira, woyendetsa mwambo anayamba kuitana oika nkhata. Anali munthu wa kumpingo wa mudzi wina, ndipo mwina sanauzidwe, kapena pakamwa panangozolowera. Anati, "Mkazi wa malemu."

Panali zii. Anabwerezanso, mokweza. "Mkazi wa malemu abwere."

Ndinaona anthu akutembenuka kuyang'ana kumbuyo. Bambo wina anapita kukamunong'oneza. Woyendetsa mwamboyo anakhosomola n'kunena kuti, "Amayi a malemu." Apongozi anga anadzutsidwa ndi anthu awiri, n'kukaika nkhata imene inali yanga. Ndinauza mnzangayo kuti azimitse foni. Gogo wina wa Chisuthu wa bedi loyandikana nane anandipatsa lalanje, osafunsa kanthu.

Patapita masiku ananditumiza ku chipatala china chachikulu, kumene analowetsa kachubu kudzera pamkono mpaka kumtima n'kutsegula mtsempha uja. Kumeneko ndi kumene ndinamva kuti magazi anga akhala akuthamanga kwa zaka ine osadziwa, ndiponso kuti chisoni chachikulu chimatha kukankha mtima umene unali wodwala kale. Ndinauza dokotala wa kumeneko kuti ine ndinkayesa matenda amenewa ndi a abambo. Anati si ine ndekha.

Kumudzi ndinapita mvula itayamba, adokotala atandilola kuyenda ulendo wautali. Nditatsika pa siteji, amayi awiri amene ankachokera kumjigo anaima n'kundiyang'ana. Wina anauza mnzake, osatsitsa mawu kwenikweni, "Ndi amenewo, a magazi aja." Ndinawapatsa moni, anayankha bwinobwino.

Apongozi anandiyalira mphasa pakhonde. Titalira, analowa m'nyumba n'kutulutsa chikwama changa chija. Anali asanachitsegule.

"Katundu wanu anafika bwino," anatero.

Ndinayamba kufotokoza. Ndinanena za chibwano, za mizere iwiri, wa abambo ndi wa amayi, za magazi oyamba ndi achiwiri. Ndili m'kati molankhula ndinadzimva ndekha mmene zinkamvekera pakhonde limenelo, nkhuku zikudutsa, ndipo mawu anayamba kundithera. Apongozi anamvetsera mpaka ndinasiya.

"Munthu akadwala, wadwala," anatero. Anakhala chete, akusalaza mphasa ndi dzanja. "Koma tinakuyembekezani."

Mawu onse awiriwo ananena ndi mtima umodzi, ndipo onse awiri ndinabwera nawo ku Joni. Ndinatsegula chikwama n'kuwapatsa nsalu zawo. Zinali zitayamba kununkha chinyezi.

M'mawa mwake adzukulu anandiperekeza kumanda. Ndinaika nkhata ya maluwa a pulasitiki imene ndinagula ku Daveyton. Zakale zija zinali zitauma, zitatsala mawaya okha. Ndinafuna kuwauza amuna anga chifukwa chake sindinabwere, koma adzukulu anali ataima pafupi, ndiye ndinangozula udzu umene unamera m'mbali.

Alamu sanabwererenso ku nkhani ya pabenchi ija, ndipo ine sindinawakumbutse. Amabwera kudzandiona, anandikonzeranso denga pamene linkadontha. Akamafotokozera anthu za chaka chimenecho amatchula nambala ziwiri, ya mng'ono wawo ndi yanga yachiwiri. Yoyamba ija saitchula. Mnzanga wa ku Chipata akawamva amati, "Nanga kaja kakang'ono, bambo, kanapita kuti?" Iwo amati, "Inu mayi, mudzafa ndi pakamwa."

Ndikudziwa kuti ndikanakwera galimoto ija mwina bwenzi mabokosi atafika awiri. Adokotala anandiuza, abusa anandiuza, mnzangayo amandiuza sabata iliyonse. Ndimavomera. Komabe pamaliro alionse, woyendetsa mwambo akati "mkazi wa malemu", nkhope imanditentha, ndipo ndimayang'ana pansi mpaka mayiyo atakhala.

Ndikadali ku Etwatwa, m'chipinda chomwe chija. Ndinabwerera kuntchito yochapa ndi kusita, koma masitepe ndimakwera pang'onopang'ono. Mapiritsi ndimamwa m'mawa uliwonse ndisanatuluke, ndipo tsiku la kiliniki sindiliphonya. Kukagwa maliro pakati pa anthu akwathu kuno, ndimapita msanga n'kukakhala pa matiresi pambali pa namfedwa. Sindiimba kwambiri. Ndimamuyang'ana milomo, ndipo nthawi ndi nthawi ndimamufunsa ngati chibwano kapena msana ukumuwawa.